Chingwe sichikoka wokwera pa Table Mountain

Anthu ambiri akaona okwera matanthwe a Table Mountain ku Cape Town atakakamira pathanthwe pansi pa siteshoni ya cable car (kagalimoto kolendewera pa waya kokweza anthu pamwamba pa phiri), amaganiza kuti chingwe chimene okwerawo amadzimangirira m'chiuno ndicho chikuwakokera pamwamba. Ayi ndithu. Munthu amakwera ndi miyendo ndi zala zake, akuponda ndi kugwira m'ming'alu yopingasa ya mwala wa phirili, ndipo miyendo ndiyo imasenza thupi chifukwa mikono imatopa msanga.

Chingwe ntchito yake n'kugwira munthu akaterereka, basi. Wotsogola amalowetsa tizitsulo m'ming'alu n'kukoletsamo chingwecho, pamene mnzake pansi akuchimasula pang'onopang'ono. Wotsogolayo akagwa, mnzakeyo amachikanikiza kuti chisatsetsereke. Wachiwiri akamakwera amazula tizitsulo tonse, thanthwe n'kutsala mmene analipezera.