Kota ndi mipando yochepa

Kuno ku Mzuzu, ukangotchula za kota, ndondomeko ija yosankhira opita ku yunivesite potengera boma lochokera, mu minibasi ya ku Luwinga, aliyense ali ndi mwana womutchula. Wina wa achemwali, wina wa aneba, amene anakhoza bwino Fomu 4 koma dzina lake osatuluka. Bala limeneli ndi lakale.

Gwero lake lili ku Khondowe. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula kumeneko sukulu ya Overtoun, ndipo amishoni a Livingstonia anamwaza timasukulu m'midzi ya kumpoto. Ntchito zolembedwa zinali zosowa kuno, choncho makolo anaitenga sukulu ngati munda wa banja. Pofika 1964, anthu a kumpoto anali atachuluka m'maofesi ndi m'makalasi kuposa chiwerengero chawo m'dziko.

Mu 1987 boma la Kamuzu linayamba kusankha opita ku yunivesite potengera boma lochokera. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, powanena kuti ankaphunzitsa mwamphwayi ana a zigawo zina. Mabanja anamanga katundu kusiya nyumba ndi minda imene anaizolowera. Ophunzira ena anakasuma, ndipo mu 1993 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ndondomeko ya kotayo inali ya tsankho, komanso kuti khonsolo ya yunivesite inangomeza lamulo la boma osaliunika payokha.

Tinkayesa zathera pomwepo. Ayi ndithu. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linaibwezeretsa, ati pofuna kuti aliyense apeze mwayi wofanana: boma lililonse linali ndi malo khumi otsimikizika, otsalawo n'kugawidwa poonanso kuchuluka kwa anthu. Sinodi ya Livingstonia inakana kwamtuwagalu, ndipo mu 2010 mlembi wake wamkulu, M'busa Levi Nyondo, anamangidwa atadzudzula boma pa maliro ena. Kota inadzathetsedwa mu February 2020, dziko likukonzekera chisankho chobwereza cha pulezidenti. Nthawi yakeyo payokha ikunena zambiri.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti zaka zonsezo tinkakangana za amene akhale pa mpando, osafunsa chifukwa chake mipandoyo inali yochepa chomwecho. Woweruza akhoza kuletsa tsankho, koma salemba bajeti. Mpaka 1999, pamene yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) inatsegulidwa m'nyumba zomwe zinali za koleji ya aphunzitsi, dziko lonse linkadalira yunivesite imodzi ya boma. Mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera ku Mzimba unaikidwa mu 2015, ndipo ana amene anali Sitandade 5 nthawi imeneyo amaliza sekondale ikudikirirabe. Mwana wa ku Nsanje wophunzirira pansi pa mtengo sanali mdani wa mwana wa ku Rumphi. Onsewo anaperewedwa ndalama ndi dzanja limodzi.

Ndipo kuperewerako kumayambira pansi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakwera kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ambiri tinaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma makalasi sanakule nawo, ndipo katunduyo anagwera makolo kudzera m'ndalama ya chitukuko.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya m'dera lathu, m'nyengo ya chisanu, mvula yamawawa ikuwaza pa zenera lopanda galasi. Tinakhala pansi pa simenti yokumbika pamene pamakhala ana athu. Mayi wina anaimirira, chitenje chili m'mapewa.

"Ahedi, pepanitu, njerwa tinaumba chaka chatha zija zili kuti?"

"Zilipo mayi, kuseliku. Malata ndi simenti ndiye tikudikira."

Potuluka ndinazungulira kukaziona. Uvuni wonse unali utamera udzu, ndipo ana a Sitandade 2 anali atasolola njerwa zam'mbali n'kumakhalira.