Maswiti a Halloween: mantha a makolo adachokera kuti?

Okutobala akangolowa, makolo a m'dera lathu lino, kunja kwa mzinda wina ku America, timayamba kukokanakokana. Ena akuti ana aziyenda khomo ndi khomo usiku wa pa 31, womwe ndi Halloween, atavala zovala zodzizimbaitsa, kupempha maswiti monga mwa mwambo. Ena akuti ayi, tipite nawo pamalo oimika magalimoto a kutchalitchi, pomwe anthu odziwana amatsekula mabuti n'kumagawa maswiti, zomwe amazitcha trunk-or-treat. Wanga wa zaka zinayi wasankha kale chovala cha kambuku, koma mayi wina woyandikana nafe wandifunsa kuti, "Nanga wina akathiramo poizoni?" Funso limeneli lili ndi mbiri yake.

Za chiyambi cha mwambowu tisachedwepo. Ambiri amaloza chikondwerero cha Samhain cha ku Ireland, koma katswiri wa mbiri Ronald Hutton amachenjeza kuti zolembedwa zakale zonena za mwambowo n'zochepa, ndipo zokumbukira akufa zikuoneka kuti zidadza ndi Tchalitchi, pa masiku a oyera mtima onse ndi mizimu ya akufa, pa 1 ndi 2 Novembala. Anthu a ku Ireland ndi Scotland adawoloka nawo nyanja mwambowu kupita ku America. Mawu oti trick or treat, omwe ana amanena popempha maswiti pakhomo, adayamba kuoneka m'nyuzipepala za ku Canada, ndipo mwambowu udafala kwenikweni pambuyo pa 1947, boma la America litasiya kugawa shuga moyeza, nthawi yomwenso midzi yatsopano ya nyumba zondondozana ngati Levittown inkadzaza ndi mabanja a ana aang'ono.

Pomwe zinthu zidatembenukira, mmene ndikuonera ine, ndi pa 31 Okutobala 1974 ku Pasadena m'boma la Texas. Kunkagwa mvula. Ronald Clark O'Bryan, bambo wogwira ntchito ya magalasi a maso yemwenso adali dikoni kutchalitchi kwawo, adatuluka ndi ana ake awiri pamodzi ndi mnzake ndi ana a mnzakeyo. Atafika panyumba ina yozimitsa magetsi, anawo adagogoda koma sadayankhidwe, basi adathamangira kutsogolo. O'Bryan adatsalira. Atawapeza adali ndi timapaipi tisanu ta Pixy Stix, maswiti aufa, n'kunena kuti munthu wa m'nyumba ija watsekula ndithu. Usiku womwewo mwana wake Timothy, wa zaka 8, adalawa ufawo n'kudandaula kuti ukuwawa. Bambo ake adamupatsa chakumwa choti atsitsire. Mwanayo adayamba kusanza, ndipo pasanathe ola limodzi adamwalira. Mu ufamo mudali poizoni wa cyanide.

O'Bryan adauza apolisi kuti adangoona mkono waubweya ukutuluka pachitseko. Koma mwini nyumbayo, yemwe ankagwira ntchito pabwalo la ndege, sadali pakhomo nthawi imeneyo, ndipo anthu ambiri adamuikira umboni. Apolisi adapeza kuti O'Bryan adali ndi ngongole zoposa madola 100,000, ndiponso kuti adali atangolembetsa inshulansi ya moyo wa ana ake. Ana ena anayi omwe adalandira timapaipito adapulumuka chifukwa sadadye. Mmodzi adamupeza atagona tulo kapaipiko kali m'manja, atalephera kukatsekula. Khoti lidapeza O'Bryan wolakwa mu 1975 ndipo adaphedwa pa 31 Malichi 1984, akukanabe mlanduwo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu adakumbukira switi wapoizoni, n'kuiwala kuti adachokera m'manja mwa bambo wa mwanayo. Kenako mu 1982, patangotsala mwezi kuti Halloween ifike, anthu 7 a m'dera la Chicago adafa atamwa mankhwala a Tylenol othiridwa cyanide. Nkhaniyo sinkakhudza maswiti, komabe madera ena adaletsa ana kuyenda, ndipo zipatala zina zinkaunika maswiti ndi makina a X-ray.

Umboni womwe ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa Joel Best, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa pa University of Delaware, yemwe adasanthula nyuzipepala kuyambira za 1958. Sadapeze mwana ndi mmodzi yemwe wophedwa ndi switi wolandira kwa munthu wosamudziwa. Inde, nyuzipepala sizilemba zonse, ndipo zoipa zidachitikapo: mu 1964 mayi wina ku Long Island, m'boma la New York, ankagawira achinyamata omwe ankawaona kuti akula mankhwala ophera nyerere ndi mabisiketi a agalu, ngakhale palibe adavulala. Choncho sindingaseke mayi woyandikana nane uja. Pamalo a kutchalitchi pali kuwala, ndipo mwana sawoloka msewu. Apa ali ndi mfundo, chifukwa kafukufuku wa m'magazini ya madokotala a ana ya JAMA Pediatrics wa zaka za 1975 mpaka 2016 adaonetsa kuti ana a zaka 4 mpaka 8 amagundidwa ndi galimoto n'kufa kuwirikiza pafupifupi ka 10 usiku umenewu poyerekeza ndi mausiku ena.

Ife tiyenda ndithu, nditamugwira dzanja, tochi ili kudzanja linalo. Tizigogoda pokhapokha pamene nyali yapakhonde yayaka, pakuti ndicho chizindikiro chakuti eni ake akulandira ana. Pangodya pa msewu wathu pali agogo ena okhala okha. Chaka chatha adakhala pampando pakhonde kuyambira dzuwa lisanalowe, mbale ya maswiti ili pamiyendo, ndipo mwana wanga atachita manyazi n'kubisala kumbuyo kwanga, adatsika masitepe pang'onopang'ono kudzamuikira chokoleti m'kachidebe kake kooneka ngati dzungu.