Muvi ukuloza kumwamba, dzanja likutsika

Achinyamata ambiri oimba gitala m'makwaya a ku Matero, Chilenje ndi Kabwata mu mzinda wa Lusaka masiku ano amalemba nyimbo zawo pa kompyuta, makamaka ndi pulogalamu ya MuseScore poti ndi yaulere. Manoti amawalemba bwino ndithu. Vuto limabuka posonyeza ngati dzanja litsike kapena likwere pokwapula zingwe.

Zizindikiro za ntchito imeneyi oimba gitala anazibwereka kwa oimba vayolini. Chotsitsa dzanja chimaoneka ngati khomo lopanda chitseko: timizere tiwiri toimirira, tolumikizidwa ndi mzere wonenepa pamwamba. Chokweza dzanja ndi V. Ophunzira anga amakodwa pa V ameneyu, chifukwa nsonga yake imaloza pansi, iwo n'kumatsitsa dzanja pamene anayenera kukweza. Mu MuseScore zonse ziwiri muzipeza m'gulu la zizindikiro lotchedwa Articulations, ndipo mu LilyPond, pulogalamu ina yolembera nyimbo, mumangolemba \downbow kapena \upbow pambuyo pa noti.

Ena amati zimenezi n'zosokoneza, ndiye amathawira ku mivi ya arpeggio, timizere tokhotakhota tokhala ndi nsonga toikidwa pambali pa manoti. Ine sindigwirizana nazo. Pa tablature, kalembedwe kamene mzere uliwonse umaimira chingwe chimodzi cha gitala, mzere wapansi umaimira chingwe chonenepa cha E, chomwe pa gitala weniweni chimakhala pamwamba, kufupi ndi nkhope ya woimba. Choncho muvi wolozera kumwamba pa pepala ukuuza woimba kuti ayambire pa chingwe chonenepa kupita ku chopyapyala, kumene ndi kutsitsa dzanja. Maso akuwerenga kukwera, dzanja liyenera kutsika, ndipo kwaya sikudikira. Komanso muvi umenewu uli ndi tanthauzo lake kale: zingwe zilire motsatizana, osati pamodzi. Pulogalamu nayonso idzaziimba choncho. Nyimbo yothamanga ngati kalindula, imene imafuna kuti zingwe zonse zilire kamodzi mwa phaa, imafooka.

Langizo langa kwa aphunzitsi a makwaya ndi ili. Lembani mayina a chord (manoti angapo olira pamodzi) pamwamba, kugunda kwa nyimbo musonyeze ndi manoti a timizere topendekeka, kenako muike khomo lija ndi V pamwamba pa noti iliyonse m'mabala (tizigawo ta nyimbo ta pakati pa mizere yoimirira) awiri oyamba okha. Pa bala lachitatu lembani simile, kutanthauza kuti apitirize chimodzimodzi, pepala lisadzaze zizindikiro. Pansi pa mutu wa nyimbo onjezerani kamzere kamodzi ka m'Chinyanja kofotokoza kuti chotsitsa ndi chiti, chokweza ndi chiti, chifukwa pepalalo likazungulira pa WhatsApp lidzafika kwa anthu amene simunawaphunzitsepo.