Nambala yofiira ija si matenda a mphaka wanu

Anthu amanditumizira chithunzi cha pepala la zotsatira za magazi a mphaka wawo, atazunguliza ndi cholembera nambala imodzi imene makina alemba mofiira, n'kufunsa kuti, "Adokotala, ameneyu achira?" Za mphaka mwiniwakeyo, zii. Ali ndi zaka zingati, anadya liti komaliza, madzi akumwa bwanji, osanena. Funso limeneli landitopetsa. Sindingaliyankhe, ndipo aliyense amene angakuyankheni atangoona nambala imodzi akukunamizani.

Malire amene amalembedwa pambali pa nambala iliyonse amawapeza poyeza amphaka ambiri athanzi n'kutenga 95 mwa 100 alionse. Otsalawo amagwera kunja, chonsecho alibe vuto. Choncho pa pepala loyeza zinthu 20, kupezapo nambala imodzi yofiira n'kosadabwitsa.

Shuga ndiye amasokoneza anthu kwambiri. Mphaka mwamutsekera m'bokosi, mwamuyendetsa pa galimoto, wafika pamalo ponunkha agalu, kenako anthu osawadziwa amupana n'kumubaya. Ndi mantha okhawo shuga amakwera, nthawi zina kwambiri ndithu. N'chifukwa chake sitinena kuti ali ndi matenda a shuga tisanaone mkodzo ndi kuyeza fructosamine, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira pa milungu iwiri kapena itatu yapitayo. Musayerekeze kumubaya insulin wa m'bale wanu. Shuga akatsika mopitirira, mphaka amakomoka n'kufa.

Koma cholakwika chimene chimandipweteka mtima ndi chinacho, choganiza kuti ngati palibe chofiira ndiye kuti zonse zili bwino. Creatinine, imene timayezera impso, imayamba kudutsa malire pamene impso zataya kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake. Kuwonjezera apo, creatinine imachokera m'minofu. Mphaka wokalamba amene waonda mpaka msana kumabaya m'manja amapanga yochepa, ndiye nambala yake imaoneka yabwino impso zikutha. SDMA, chinthu china chimene timayeza m'magazi poona impso, imachenjeza msanga, pamene zataya pafupifupi 40 peresenti, ndipo siidalira kwambiri minofu. Mkodzo nawonso sunama. Impso zabwino za mphaka zimatulutsa mkodzo wokhathamira, woposa 1.035 pa chipangizo choyezera. Ukakhala wamadzimadzi pamene mphakayo madzi amuthera m'thupi, ine ndimada nkhawa, pepala la magazi linene zimene linganene.

Pali mphaka wina wamkazi, wokalamba, amene sindimuiwala. Mayi ake, poti eni ake amadzitcha choncho, anabwera naye chifukwa ankangokhalira pa mbale ya madzi. Creatinine inali m'malire, koma pamwamba penipeni, ndipo ubweya unali utayamba kunyankhalala. Ndinapempha kuti abweretse mkodzo, tiyezenso magazi pakapita milungu iwiri. Mayiwo anayang'ana pepala, sanaone chofiira, anapinda n'kuika m'chikwama. Anabweranso patapita miyezi, mphaka akusanza, m'kamwa muli zilonda, mpweya ukununkha mkodzo. Pakatipa anali atapita kwa munthu wina wodzitcha dokotala wa ziweto, amene anamubaya jakisoni "wa mphamvu" kangapo osamuyeza chilichonse, ndipo dzina la mankhwalawo sanawauze. Matenda a impso a mtundu umenewu sachiritsika, inde. Koma tikawapeza msanga timasintha chakudya n'kuchepetsa mchere wa phosphorus m'chakudyacho, timayang'anira BP, timaonetsetsa kuti akumwa mokwanira, ndipo amphaka ambiri amakhala zaka ali bwino. Ameneyu tinangomuika diripi masiku ochepa, basi.

Za chiwindi ndinene mwachidule. Pa pepalalo timachiyezera ndi nambala zotchedwa ALT ndi ALP. ALT ikakwera ndiye kuti maselo a chiwindi avulala, koma siinena chimene chawavulaza. ALP ya galu ikakwera pang'ono nthawi zambiri timangoyang'anira, koma ya mphaka imachoka msanga m'magazi, choncho ikapezeka yokwera ngakhale pang'ono sitiichepetsa. Ndipo mphaka wonenepa akasiya kudya masiku awiri kapena atatu, musati mudikire kaye zotsatira kapena mumusiye kuti njala ikamupweteka adya. Mafuta amathamangira kuchiwindi n'kuchidzaza, mkati mwa makutu ndi m'maso mumayamba chikasu, ndipo pamenepo timafunika kumudyetsa kudzera m'kapaipi kwa milungu.

Odikira zotsatira ambiri amati bola amupatse kenakake kochepetsa ululu. Panado ayi. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol wa mu Panado mmene cha munthu chimachitira, ndipo piritsi limodzi lokha lingamuphe. Nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope ndi mapazi zimatupa, amapuma mobanika. Ibuprofen nayenso amawononga impso zomwezo tikufuna kupulumutsa. Amene wakuuzani kuti theka lake ndi labwinobwino sanaonepo mphaka akufa nazo.

Pali nthawi inanso imene pepala silifunika kulidikira n'komwe. Mphaka wamwamuna amene akupitapita pokodzera, akudzikakamiza, akulira, koma osatuluka kanthu, njira ya mkodzo yatsekeka. Mchere wa potassium umakwera m'magazi mpaka kuimitsa mtima, ndipo zimatenga masiku awiri kapena atatu okha. Ambiri amati wadzimbidwa, n'kumudikira mpaka mawa. Munyamuleni usiku womwewo.

Mukamabwera kudzamva zotsatira, tengani mapepala akale onse, chifukwa creatinine imene ikukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka imandiuza zambiri ngakhale ikadali m'malire. Onaninso kuti malabu ena amalemba mu mg/dL, ena mu µmol/L, ndipo creatinine ya 1.6 mg/dL ndi pafupifupi 140 µmol/L, choncho musafanizire ndi nambala za pa intaneti musanaone zimenezi. Mundiuzenso mankhwala alionse amene wamwa kapena kubayidwa, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi kuwatchula.