Mayikulowevu yafa waranti itatha: muyambire pati?

Ambiri obwera ndi mayikulowevu pashopu panga amafika atagamula kale kuti yatha ntchito, poti waranti inatha ndipo kusitolo awabweza. Koma nthawi zambiri chomwe chafa ndi kachinthu kotchipa, ndipo makinawo amaonetsa okha komwe kuli vuto.

Ikangoti zii, osayaka ngakhale kagetsi, yambirani kukhoma. Lumikizani ketulo pa soketi yomweyo muone ngati igwire. Ikagwira, masulani pulagi ya mayikulowevuyo. Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi mkati, kawirikawiri ya 13A, ndipo imatha kupsa magetsi akabwerera mwamphamvu atazima. Imeneyi sinthani nokha, koma ndi fyuzi inzake, osati kawaya kopotokola.

Manja anu athere pamenepo. Chivundikiro chachitsulo chakunja kwa makinawo musamasule. Mkati muli capacitor yomwe imasunga magetsi a mphamvu pafupifupi mavoti 2,000, pomwe a kukhoma ndi 230 okha, ndipo ikhoza kukhalabe ndi moto ngakhale mwazula pulagi. Muli kachipangizo kotsitsa motowo, koma nakonso kamafa popanda chizindikiro. Magetsi amenewa amapha. Ifeyo timayamba tatsitsa capacitor tisanakhudze chilichonse.

Ikamathetheka moto mkati, anthu amachita mantha kwambiri, chonsecho ili ndi vuto laling'ono. Poyamba onani kuti simunaiwalemo supuni kapena mbale ya mkombero wagolide. Kenako suzumirani pakhoma la mkati, nthawi zambiri kudzanja lamanja. Mupeza kanthu kotuwa konga katoni, kotchedwa mica, komwe kamatseka bowo lotulukira mafunde otenthetsa chakudya. Msuzi wa ndiwo ukadonthera pamenepo umauma, n'kupserera, n'kusanduka makala, ndipo makalawo ndi amene amathetheka. Mukaona banga lakuda kapena kabowo, siyani kuigwiritsa ntchito kaye. Mica imagulidwa payokha, imadulidwa ndi sizasi potengera yakaleyo, ndipo imalowa cha mkati popanda kumasula chivundikiro. Mukanyalanyaza, motowo umakawononga magnetron, mtima wa makinawo, yomwe imapanga mafunde otenthetsawo.

Chitseko nacho chili ndi timaswitchi, kawirikawiri titatu, toletsa makina kuyaka chili chotsegula. Kumenyetsa chitseko kumatopetsa timaswitchiti. Ndi totchipa, koma wokonza akakuuzani kuti angotidumphitsa ndi waya, nyamulani katundu wanu muzipita.

Pofunika kuchenjera kwenikweni ndi pomwe mbale ikuzungulira, getsi likuyaka, koma nsima ikutuluka yozizira. Yesani ndi kapu ya madzi kwa mphindi ziwiri. Akapanda kutentha, vuto likhoza kukhala diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), capacitor, fyuzi ya mkati kapena magnetron. Zitatu zoyambazo sizidula kwenikweni. Magnetron ndiyo imaboola mthumba. Anzathu ena pantchitoyi amathamangira kutchula magnetron asanayeze n'komwe. Afunseni ngati ayeza zinazo, akuuzeni mtengo asanayambe ntchito, ndipo akubwezereni chomwe achotsacho. Funsaninso ngati akuikamo yatsopano kapena yozula m'makina ena akufa. Yozulayo si yoipa, ambiri timapulumukira momwemo, bola muuzidwe ndipo mtengo utsike.

Ikakhaladi magnetron, musanatulutse ndalama funafunani mapepala omwe munagulira. Makampani ena amapereka waranti yaitali pa magnetron yokha kuposa ya makina onse, ndipo ogulitsa m'sitolo sakumbutsa zimenezi. Lisiti ikhale pafupi. Ngati waranti yotereyi palibe, ine ndimawerengera chonchi: kukonza kukapitirira theka la mtengo wa yatsopano, pamakina omwe agwira kale zaka zambiri, ndalamayo isungeni. Zolembedwa kuti inverter zimavutirapo, poti bolodi yake ya zamagetsi ndi yodula ndipo sipezeka wamba.

Pali ziwiri zomwe sindikonza ngakhale mwini atachonderera: ya chitseko chopindika chosatsekeka bwino, ndi yomwe dzimbiri laboola khoma la mkati. Bokosi lachitsulolo ndi lomwe limatsekera mafunde kuti asatuluke.

Ikakonzeka, muzizula pulagi magetsi akazima, musamaiyatse mulibe kanthu, ndipo muzipukuta mkati mukangotha kutenthetsa. Nyenyeswa zimaitana mphemvu, zomwe zimakonda kufunda kwa pabolodi, ndipo bolodi yochita shoti chifukwa cha mphemvu nthawi zambiri imafuna kusintha yonse.