Kandege ka m'bokosi: cholakwa chilichonse chimaonekera penti akauma

Kwa ife amene tinakula tikupinda mawaya kupanga galimoto ndi kusema ndege za mapesi, kandege ka pulasitiki kobwera m'bokosi kamaoneka ngati ntchito yotha kale, yongofunika kumata ndi kupaka. Ndakhala ndikuphunzitsa ukalipentala ndi kujambula mapulani kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo pa nthawi yonseyi ndamanga tindege totere tambiri, tina ndekha, tina pamodzi ndi ophunzira anga. Mabokosi ambiri amene adutsa m'manja mwanga anabwera ndi achibale ochokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya, choncho munthu akaononga kandege kake sangathamangire kumsika kukagula kena. Pafupifupi aliyense amene amabwera kudzandifunsa amayamba ndi nkhani ya penti, poganiza kuti ndiye adzakwirire mipata ndi zipsera zonse. Zoona zake n'zakuti penti sabisa kanthu: kamzere kamene simunakaone pulasitiki ili yosapaka kamadzaonekera patali penti akauma.

Mukatsegula bokosi mupeza tizidutswa tolumikizidwa ku chimango cha pulasitiki, kachimango kena ka magalasi, pepala la zizindikiro zomata zotchedwa decals, ndi kabuku ka malangizo. Pulasitikiyi ndi ya mtundu wa polystyrene, ndipo kufakitale amaisungunula n'kuikankhira mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, monga mmene dothi limatengera maonekedwe a chikombole cha njerwa. Kampani ya FROG ya ku Britain ndiyo inayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki ta sikelo ya 1:72 mu 1936, Airfix inadzatchukitsa ntchitoyi m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero mayina amene mungawaone kwambiri pamabokosi ndi Airfix, Revell, Italeri, Tamiya ndi Hasegawa.

Nambala ya sikelo ndi yofunika kuimvetsa msanga chifukwa ndiyo imalamula china chilichonse. Sikelo ya 1:72 imatanthauza kuti sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Ndege yankhondo ya Spitfire, imene inauluka koyamba pa 5 Malichi 1936, inali ndi mapiko otambalala mamita 11.23, ndipo pa sikeloyi amakhala masentimita 15.6, pamene pa sikelo ya 1:48 amafika masentimita 23.4. Ndege zonyamula anthu monga Boeing 737-800, mtundu umene anthu ambiri anauonapo pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kawirikawiri zimapangidwa pa 1:144, ndipo mapiko ake amakhala pafupifupi masentimita 25. Tsopano taganizirani mpata wa theka la milimita umene watsala pamene phiko lakumana ndi thupi la kandege ka 1:72. Pa ndege yeniyeni mpata umenewo ndi masentimita 3.6, moti munthu angalowetsemo zala ziwiri. Diso la woonera silichita masamu amenewa, koma limazindikira lokha kuti pali china chimene sichili bwino.

Ntchito imayambira pa beseni la madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wotsukira mbale, kuti mafuta a m'chikombole ndi a m'manja achoke, popeza penti sagwira pamafuta. Kachidutswa kalikonse kadulidwe kuchimango, osati kukathyola ndi zala, chifukwa kuthyola kumazula kanyama ka pulasitiki n'kusiya kadzenje. Chowengera zikhadabo chimagwira bwino ntchito imeneyi: dulani patali pang'ono, kenako mupale kotsalako ndi lezala latsopano kapena sandipepa. Dulani zokhazo zimene mukufuna pa nthawiyo, pakuti manambala a tizidutswa analembedwa pachimango, ndipo mukatichotsa tonse nthawi imodzi mudzavutika kusiyanitsa chakumanja ndi chakumanzere. Musanatsegule guluu, gwirizanitsani zidutswazo zili zouma, muziyang'ane pa kuwala kwa pawindo, ndipo ngati kuwala kukudutsa pakati, fufuzani chimene chikutchinga. Nthawi zambiri chimakhala kachotupa kakang'ono kotsalira m'chikombole, kamene kamachoka ndi kupala kawiri kapena katatu.

Guluu wa tindege ndi wosiyana ndi amene timamatira nsapato kapena matabwa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera. Iyeyu samangokhala pakati pa zinthu ziwiri n'kuzigwira, koma amasungunula nkhope za pulasitiki zonse ziwiri kuti zisakanikirane, ndipo akauma zimasanduka chinthu chimodzi, monga amachitira owotcherera zitsulo. N'chifukwa chake guluu wambiri salimbitsa kanthu koma amafewetsa pulasitiki, nthawi zina kwa masiku angapo, mpaka malowo amabonyoka. Wa m'chubu apakidwe ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, pamene wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin, amangofunika kukhudzitsa kaburashi pamsoko zidutswa zili zogwirizana kale, ndipo amayenda yekha mumsokomo. Kuyenda kwakeko ndiko kunandiphunzitsa phunziro lowawa pa Spitfire imene mphwanga ananditumizira. Ndinapanikiza phiko ndi chala chachikulu pamwamba penipeni pa msoko, guluu anadutsa pansi pa chalacho, ndipo nditachichotsa ndinapeza chidindo cha chala changa chitalowa m'pulasitiki, mizere yake yonse ikuoneka bwinobwino. Ndinadikira masiku awiri kuti malowo aume, ndinapala madzulo atatu, koma timizere ta zitsulo za phiko tinafufutika ndipo ndinachita kutilembanso ndi nsonga ya singano. Kuyambira pamenepo ndimagwira zidutswa ndi mapegi oyanikira zovala kapena timphira, zala zili kutali ndi msoko. Dziwaninso kuti guluu ameneyu ndi thina wosungunulira penti zimayaka msanga, kotero magetsi akazima musagwire ntchitoyi pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula, ndipo windo likhale lotsegula.

Thupi la kandege limabwera m'magawo awiri, ndipo chilichonse cha m'kati chiyenera kutha musanawatseke. Mpando wa woyendetsa ndi pamene pali mawotchi ake zipakidwe penti poyamba, ndipo pamalo pamene padzafike guluu mupale pentiyo chifukwa guluu sagwira pa penti. Ngati ndegeyo ndi ya tayala lakutsogolo, monga Boeing 737, mphuno yake imafunika kulemera, apo ayi kandege kadzakhalira mchira tayala lakutsogolo lili m'mwamba. Tinati ting'onoting'ono kapena kamtovu ka ku mbedza, zomatidwa ndi super glue, zimakwanira, ndipo Spitfire siifuna zimenezi popeza tayala lake lachitatu lili kumchira. Pomata mapiko, yang'anani kandegeko kuchokera kutsogolo guluu asanalimbe. Mapiko a Spitfire amakwera m'mwamba ndi madigiri 6 mbali zonse ziwiri, ndipo limodzi likatsika pang'ono pokha, ngakhale mwana amaona kuti ndegeyo yapendekeka.

Guluu akagona usiku wonse, bwererani ku misoko, ndipo pano ndi pamene nthawi yambiri iyenera kuthera. Sandipepa wa m'madzi amene owongola galimoto amagwiritsa ntchito ndi woyenera: yambani ndi nambala 400, kenako 600, mumalize ndi 1000, mukumunyowetsa kuti asakande mozama. Palani mozungulira motsatira thupi la ndege, chifukwa kupala malo amodzi kumasiya kadazi kosalala pamsana pamene payenera kukhala pozungulira. Mipata yotsala itsekedwe ndi filler wochepa kwambiri, phala lotsekera mipata limene limalimba likauma. Mukaganiza kuti mwatha, pakani penti woyamba wotuwa, uja amisiri amati andakoti, mopyapyala. Ntchito yake ndi iwiri: amathandiza penti wotsatira kugwira, komanso amaulula chilichonse chimene diso linachiphonya. Sizachilendo kupala ndi kupakanso andakoti kawiri kapena katatu pa msoko umodzi.

Galasi la pamwamba pa woyendetsa ndi kachidutswa kosalimba ndipo sikakhululuka. Tsiku lina mnyamata wa Fomu 3 anabwera nako m'manja, nkhope ili yakugwa, nati, "Aphunzitsi, galasi lachita nkhungu ndipo sikuchoka." Anali atamata ndi super glue, amene mpweya wake umatera pa galasi n'kuliyeretsa mbuu, makamaka pamene pali mafuta a zala. Guluu woyera wa matabwa ndiye woyenera pano, chifukwa akauma amaonekera mkati ndipo wosefukira amapukutika ndi kansalu konyowa. Magalasiwo aphimbidwe ndi tizidutswa ta tepi ya pepala, kusiya mizere ya chimango chokha kuti ilandire penti, ndipo tepiyo isachoke mpaka kumapeto kwenikweni.

Penti wa tindege alipo wamitundu iwiri yodziwika kwambiri. Wa enamel, monga wa m'tizitini ta Humbrol, amasungunulidwa ndi thina wosaopsa ku pulasitiki wotchedwa white spirit, amayala bwino ndi burashi, koma amafuna maola osachepera 6 musanabwereze, ndipo ine ndimadikira tsiku lathunthu. Wa acrylic amauma m'mphindi zochepa ndipo wambiri amasungunulidwa ndi madzi. Thina wamphamvu wa m'mashopu a hadiweya, uja wa penti wa galimoto, amadya polystyrene, choncho chilichonse chimene simukuchidziwa chiyeseni kaye pa chimango chotsala chija. Penti akhale wopyapyala ngati mkaka, ndipo apakidwe katatu mopyapyala osati kamodzi mochindikala. Kupaka koyamba kumaoneka koipa, pulasitiki ikuonekera pansi, ndipo mtima umafuna kuonjezera pomwepo, koma mukatero burashi imazula penti amene wayamba kuuma n'kusiya mizere, pamene penti wochindikala amadzaza timizere tonse timene opanga chikombole anavutika kutijambula. Yambani ndi mtundu wowala kupita ku wakuda. Pa Spitfire ya chilimwe cha 1940, pansi pamakhala mtundu wowala wobiriwira pang'ono wotchedwa Sky, ndipo pamwamba Dark Earth, wa mtundu wa dothi, amatsogola, Dark Green, wobiriwira moderapo, n'kubwera pambuyo.

Nyengo ya kwathu kuno ili ndi mawu ake pa ntchitoyi, zimene kabuku ka m'bokosi sikanena. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala fumbi limalowa paliponse, ndipo masana pansi pa malata acrylic amaumira pa burashi asanafike pa phiko. Pa nyengo imeneyi ndimapaka m'mamawa anthu asanayambe kusesa pabwalo, ndimawaza madzi pansi, ndipo ndikangomaliza ndimavundikira kandegeko ndi beseni loyera lotsamira pa kamtengo kuti mpweya uzilowa pang'ono. M'dzinja vuto ndi chinyezi, chimene chimachedwetsa penti kuuma ndipo chimatha kuchititsa vanishi kuyera ngati wathiridwa ufa. Tsiku la mvula ndi bwino kupala kapena kudula, kupakako kudikire dzuwa.

Zizindikiro zomata zimafuna malo osalala ndi onyezimira. Penti wosanyezimira, mukamuyang'ana ndi galasi lokulitsa, ndi wokakala ngati mchenga, ndipo kampweya kotsekeredwa pansi pa chizindikiro kamachititsa m'mphepete mwake kuwala ngati siliva. Choncho pakani vanishi wonyezimira kaye, muume bwino, kenako dulani chizindikiro chimodzi, muchiviike m'madzi ofunda kwa masekondi 10 mpaka 20, muchiike patebulo mpaka chiyambe kutsetsereka chokha papepala lake. Chitsetsereni pamalo ake ndi burashi yonyowa, ndipo madzi ndi mpweya muzifinye ndi kathonje kuchokera pakati kupita m'mbali. Bokosi likakhala lakale, yesani kaye chizindikiro chimene simudzachifuna, pakuti zakale zimatha kuphwanyika m'madzi, ndipo zikatero kupaka vanishi wopyapyala pa pepala lonselo kumazipulumutsa. Zonse zikauma, vanishi womaliza amamanga pamodzi penti ndi zizindikiro: wosanyezimira pa ndege zankhondo, wonyezimira pa zonyamula anthu.

Amene akufuna kuti kandege kaoneke kuti kanaulukapo angathe kupala nsonga ya pensulo kapena khala, n'kupaka ufawo ndi burashi youma kumbuyo kwa mapaipi a utsi, motsatira njira imene mphepo imadutsa. Ine ndimakonda kuti zikhale zochepa, chifukwa amakaniko ankazisamalira ndege zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo kadontho kakang'ono pa sikelo ya 1:72 ndi banga lalikulu pa ndege yeniyeni. Matayala, pulopela ndi kamlongoti ka wailesi zimatidwe pomaliza kuti zisathyoke pogwiragwira, ndipo tepi ya pagalasi ichotsedwe pang'onopang'ono mutadutsa kaye lezala m'mphepete mwake kuti isazule penti. Kandege komalizidwa kasakhale pawindo pamene dzuwa limawomba kapena m'galimoto yotsekedwa, chifukwa kutentha kumapinda mapiko ndipo dzuwa limasuwitsa mitundu. Malo ake abwino ndi m'kabati ya galasi, ndipo fumbi likatera lichotsedwe ndi burashi yofewa youma, osati nsalu, imene imakola tizidutswa tating'ono n'kutithyola.