Kupita kunja kukatenga mwana wamng'ono kuti akhale wanu: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akamva zoti wina wakwera ndege kupita dziko la eni nkubwerako ndi kamwana m'manja, amaona ngati ndi nkhani ya tikiti, ndalama ndi mtima wabwino basi. Mtima wabwinowo ine sindikuukana ayi, ambiri ofuna kutenga mwana ndi anthu oti akhala zaka ndi zaka akulira mphatso m'nyumba, ena anangoona zithunzi za ana a kumalo osungirako ana amasiye tulo nkuwathawa. Koma nkhaniyi ili ndi malamulo ake, ndipo amene anawalemba maso awo anali pa mwana. Iwo amafuna kupezera mwana banja, osati kupezera banja mwana. Mukamvetsa pamenepo, zina zonse zomwe zimaoneka ngati kukuvutitsani zimayamba kumveka.

Kodi ndingathe kungonyamuka, kukafika kumalo osungirako ana nkusankha yemwe wandisangalatsa?

Ayi ndithu, ndipo wina akakuuzani kuti ndizotheka mumuthawe. Ulendo umenewu umayambira m'dziko lomwe inu mukukhala, kuofesi ya boma yoona za ana, ndege imabwera kumapeto kwenikweni. Anthu amene amayamba ndi kukwera ndege ndi omwe amapezeka ali ndi mwana m'manja koma viza yakanidwa, kubwerera naye sangathe, kumusiya mtima ukukana.

Pangano la Hague limene limatchulidwa pafupipafupili ndi chiyani?

Ndi mgwirizano wa mayiko womwe unamangidwa mumzinda wa The Hague ku Netherlands pa 29 Meyi 1993, nkuyamba kugwira ntchito mu 1995. Pano mayiko oposa 100 ali momo, America analowamo mochedwa, kwawo linayamba kugwira ntchito mu 2008. Dziko lililonse la m'panganoli limakhala ndi ofesi imodzi yaikulu yoyendetsa nkhani zimenezi, amaitchula kuti Central Authority, nde inu mumapereka pempho ku ofesi ya dziko lomwe mukukhala, iwo ndi amene amalankhulana ndi anzawo a dziko la mwanayo. Inuyo simudumpha.

Mfundo yaikulu ndi yoti kutumiza mwana kunja ikhale njira yomaliza. Ayambe ayesa kaye kuti mwana akhale ndi makolo ake kapena achibale, zikakanika apeze banja m'dziko lake lomwelo, kunja kubwere pamapeto. Mfundo yomweyi ili mu pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, gawo 21, komanso mu pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha mwana la 1990, gawo 24.

Dziko likakhala kuti silili mu pangano la Hague sikuti kutenga mwana kumeneko nkosatheka, koma chitetezo chimachepa ndipo mukuyenera kukwaniritsabe malamulo a mayiko onse awiri.

Nanga ineyo amandifufuza chiyani?

Pafupifupi chilichonse. Wa social welfare amabwera kunyumba kangapo, amaona pomwe mwana azigona, amafunsa za banja lanu, mmene munakulira, mmene mumathetsera mikangano, chifukwa chomwe mukufunira mwana. Amafuna kalata ya kupolisi yoti mulibe milandu, lipoti la dokotala, umboni wa ndalama zomwe mumapeza, satifiketi ya ukwati ngati muli pabanja, ndi anthu oti akuikireni umboni. Zonsezi amalemba lipoti limodzi lomwe limatumizidwa kunjako, ambiri amalitchula kuti home study. Dziko la mwanalo limakhalanso ndi zofuna zake, ena amaika malire a zaka, ena amafuna mukhale mutatha zaka zingapo muukwati, ena salola munthu wosakwatira.

Zimatopetsa, zoona, ndipo mafunso ena amafika pa chilonda makamaka kwa amene anapita padera kapena anataya mwana. Koma taganizani mwana wanu wobereka akupita kwa anthu achilendo kutsidya kwa nyanja, mungafune awafunse mafunso angati?

Mwanayo amasankha ndani?

Amasankha ndi akuluakulu a dziko la mwanayo, poyang'ana lipoti lanu ndi zosowa za mwana. Akapeza kuti mukuyenerana amakutumizirani fayilo yake, muli mbiri, zaumoyo ndi chithunzi, inu mumavomera kapena ayi, kenako maofesi onse awiri agwirizane kuti nkhani ipitirire. Gawo 29 la pangano la Hague limaletsa kukumana ndi makolo a mwana kapena omusunga zinthu zofunikazi zisanatheke, pokhapokha ngati ndinu apachibale kapena boma la kumeneko laloleza. Cholinga nchoti mayi wosauka asaone mlendo wooneka wandalama ataima pakhomo nkuyamba kuganiza zopereka mwana amene sakanamupereka.

Komanso ndinene mosabisa, ngati mumtima muli ndi chithunzi cha khanda la miyezi itatu lathanzi, masiku ano ana otere ambiri amapeza mabanja kwawo komweko. Amene akudikira kwenikweni ndi ana okulirapo, ana apachibale oti sangasiyanitsidwe, ndi ana olumala kapena odwala matenda okhalitsa.

Koma ana amasiye ali mbwee m'malo osungira ana, bwanji amavuta chonchi?

Apa nde pagona nkhani, abale anga. Mwana kukhala kumalo osungirako ana amasiye sizitanthauza kuti ndi wamasiye. Ambiri ali ndi mayi kapena bambo wamoyo, kapena agogo, kapena azakhali, anawapititsa kumeneko chifukwa cha umphawi, kuti azikadya katatu ndi kupita kusukulu, ndipo amakawaona. Nde taganizani mayi wosadziwa kuwerenga, amupatsa pepala la chilankhulo chomwe sachimva, amuuza kuti mwana akupita kukaphunzira adzabwera akakula, iye nkudinda chala chake pa inki mosangalala. Sakudziwa kuti chala chimenecho chadula ubale wonse pamaso pa lamulo, dzina la mwana lisintha, ndipo mwina sadzamuonanso. Amakhala akudikira chaka ndi chaka. Zimenezi zachitika m'mayiko ambiri, ndipo mabanja amene anatenga anawo nawonso ananamizidwa, anauzidwa kuti mwanayo alibe aliyense.

Nchifukwa chake gawo 4 la pangano la Hague limanena kuti makolo apatsidwe uphungu, amvetse bwinobwino zotsatira zake, avomere mwaufulu mochita kulemba, popanda kupatsidwa ndalama kapena mphatso, ndipo mayi asavomere mwana asanabadwe.

Ku South Korea, komwe ana pafupifupi 200,000 anatumizidwa kunja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, komiti ya boma yofufuza zoona inanena mu Malichi 2025 kuti panali chinyengo, ana ena ankalembedwa kuti ndi otayidwa pomwe makolo awo amadziwika. Anawo pano ndi akuluakulu, ena ali ndi zidzukulu, akufufuzabe kuti mayi awo anali ndani pogwiritsa mapepala abodza. Nde wina akamati bwanji akuchedwetsa, ine ndimaganiza za anthu amenewa.

Zimafuna ndalama zingati, ndipo si kugula mwana kumeneku?

Mtengo umasiyana kwambiri malinga ndi mayiko, koma ndi ndalama zambiri. Zovomerezeka ndi zolipira ntchito yeniyeni: lipoti lija, loya, khoti, omasulira mapepala, kuyeza mwana kuchipatala, pasipoti, viza, ndege ndi pogona. Gawo 32 la pangano lomwelo limaletsa aliyense kupeza phindu losayenera. Pemphani mndandanda wa zolipira zonse musanayambe, chilichonse chikhale ndi risiti, ndipo gwiritsani ntchito bungwe lokhalo lomwe boma linalivomereza. Ajenti akayamba zoti tumizani kangachepe ku akaunti yanga tifulumizitse, kapena bweretsani ndalama m'manja za mayi ake, imani pomwepo olo mutakhala kuti mwalipira kale zambiri.

Guatemala ndi chitsanzo chowawa. Nkhani zinali m'manja mwa maloya apadera, ndalama zimayenda zambiri, ana oposa 4,000 amapita ku America chaka chimodzi, mpaka kunamveka za ana obedwa komanso za amayi olipidwa. Dzikolo linatseka khomo kuyambira 2008.

Ndi mayiko ati omwe amalola?

Akucheperachepera. Romania anaimitsa mu 2001, Russia analetsa anthu a ku America kuyambira Januwale 2013, Kenya anaimitsa mu 2014, nyumba ya malamulo ya Ethiopia inaletsa mu Januwale 2018, ndipo China, yomwe inatumiza ana oposa 160,000 kuyambira 1992, inalengeza mu 2024 kuti yasiya kupatula kwa achibale. Mayiko olandira nawonso ena abwerera m'mbuyo, Netherlands anasiya kulandira mapempho atsopano mu 2024. Ku America mu 2004 kunalowa ana pafupifupi 23,000, koma mu 2023 sanafike ndi 2,000 omwe. M'mayiko ambiri achisilamu muli dongosolo la kafala, munthu amalera mwana koma mwanayo sasintha mzere wa makolo ake, ndipo limeneli silili pansi pa pangano la 1993.

Malamulowa amasintha mwadzidzidzi, funsani ku ofesi ya boma ija zomwe zilipo lero musanamange mtima pa dziko limodzi.

Ulendo weniweniwo umakhala wotani, ndikakhalako nthawi yaitali bwanji?

Nkhani yonse kuyambira fomu yoyamba imatenga zaka, osati miyezi. Ulendowo kwina ndi masabata angapo, kwina amafuna mupite kawiri, koyamba kukadziwana ndi mwana, kachiwiri kukhoti. Kwina nkusamuka ndithu, ku Uganda lamulo la 2016 limafuna mlendo akhale m'dzikomo chaka ndi kulera mwanayo chaka moyang'aniridwa, ngakhale khoti lili ndi mphamvu yofewetsa pa zifukwa zapadera. Tengani mapepala enieni onse ndi makope ake, gulani tikiti yosinthika tsiku chifukwa deti ya kukhoti imasuntha, ndipo kuntchito mukapemphe tchuthi chokwanira.

Jaji akavomera nde kuti zatha?

Ayi, pamatsala satifiketi yobadwa yatsopano, pasipoti ya mwana, kuyezedwa ndi dokotala wovomerezeka ndi ofesi ya kazembe, viza, ndipo mayiko ena amafunanso chilolezo chotulukira. Ku Democratic Republic of Congo boma linaimitsa zilolezo zotulukira mu Seputembala 2013, ana mazanamazana oti khoti linavomereza kale anakhala osatuluka, ena zaka zoposa ziwiri. M'mayiko a m'pangano la Hague muonetsetse kuti mwalandira satifiketi ya gawo 23, ndi imene imachititsa kuti mayiko ena a m'panganoli avomereze kuti mwanayo ndi wanu.

Mukafika kwanu musagone pa nkhani ya unzika, chonde. Ku America lamulo lopereka unzika kwa ana otere linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2001 koma linasiya kunja omwe anali atakwana kale zaka 18, nde pali anthu anakula akudziwa kuti ndi nzika, nkudzazindikira ali akulu kuti makolo sanamalize mapepala, ena mpaka anabwezedwa kudziko lomwe sadziwa ndi chilankhulo chake chomwe. Mayiko ambiri amafunanso malipoti a mmene mwana akukulira kwa zaka zingapo, muziwatumiza pa nthawi yake.

Kukagwa nkhondo kapena chivomerezi, si nthawi yabwino yopulumutsa ana?

Ndi nthawi yoipitsitsa, chifukwa mwana wosochera pachipwirikiti amaoneka ngati wamasiye pomwe mayi ake akumufunafuna. Mu 2007 anthu a bungwe la ku France la L'Arche de Zoé anagwidwa ku Chad akufuna kutulutsa pa ndege ana 103 omwe ankati ndi amasiye a ku Darfur m'dziko la Sudan, zinapezeka kuti ambiri anali ndi makolo. Ku Haiti chitachitika chivomerezi cha 2010, anthu khumi a ku America anagwidwa pamalire ndi ana 33, nkhani yake yomweyo. Ntchito yoyamba pa nthawi ngati imeneyi ndi kufufuza achibale.

Nanga akakhala mwana wa mchemwali wanga amene ali dziko lina?

Ubale umafewetsa zina koma mapepala ndi omwewo, ngati mwanayo akusamuka dziko mudutsebe ku maofesi onse awiri. Musamubweretse pa viza yocheza poganiza kuti mudzakonza pambuyo.

Masiku oyamba ndiyembekezere zotani, ndipo ndidzamuuze?

Kwa inu ndi tsiku lomwe mwalidikira zaka, kwa iye ndi tsiku lomwe wataya nkhope zonse zomwe amazidziwa, fungo, chilankhulo, bedi lake. Mwana wa zaka ziwiri atha kukhala pakona ya chipinda cha kuhotela atagwiritsa kansapato komwe anabwera nako, osalira, osadya, kungokuyang'anani, kenako usiku nkulira mpaka mawu kutha. Wina amabisa chakudya pansi pa pilo, wina amathamangira kwa mlendo aliyense chifukwa anazolowera osamalira osinthanasinthana. Musamuvule msanga zovala zomwe wabwera nazo nkuzitaya, zisungeni. Funsani amene amamusamalira kuti amagona nthawi yanji, amamutonthoza bwanji, amamuitana dzina liti, phunzirani mawu ochepa a chilankhulo chake monga madzi, bwera, gona. Kunyumba alendo achepe kaye masabata oyamba, womudyetsa ndi kumusambitsa mukhale inuyo kuti adziwe kuti amayi ndi ati.

Zoti munachita kumutenga, muuzeni kuyambira ali wamng'ono m'mawu a msinkhu wake, asadzamvere kwa ena. Gawo 30 la pangano la Hague limalamula mayiko kusunga mbiri ya komwe mwana anachokera, koma inunso sungani yanu: dzina lake loyamba, zithunzi za malo omwe amakhala ndi za omusamalira ngati alola, fayilo yonse ya kukhoti, ndi kapepala kalikonse ngakhale kooneka kachabe. Muli konko lembani mayina a malo ndi madeti mukope, chifukwa akadzafika zaka 15 kapena 30 nkufunsa kuti amayi ondibereka anali ndani, poyambira kufufuza padzakhala pamenepo.